Theka la Manecas

Custódio sankadziwa kudya yekha. Anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, komwe chimanga chimodzi ankachithyola pawiri, ndipo pobwerera ku Zóbuè khalidwelo anabwera nalo. Mkazi wake, Inocência, ankamunena kuti, "Abambo awa tsiku lina adzagawa ndi mwendo womwe."

Malasha atatchuka, Custódio anakalowa ntchito kumgodi ku Moatize, n'kumagona chipinda chimodzi ndi Manecas, mnzake wa kumsasa kuja. Chifuwa chachikulu chinamugwira Custódio komweko. Kuchipatala anamulangiza m'Chipwitikizi, mothamanga, mzere uli mpaka panja. Iye n'kumangoti, "Sim, senhora," pamene sakutolapo kanthu.

Inocência anasiya munda n'kukwera chapa, minibasi ya kumeneko, kudzamudwazika. M'mawa uliwonse ankamuika mapiritsi m'manja, mwamunayo n'kukamwera kuseri. Miyezi inatha, munthu osachira, nthiti zili pamtunda. Mantha anamugwira mayiyo: kodi abwerera ku Zóbuè ndi maliro?

Tsiku lina atapita kuchipatala anakapeza namwino wina, Benilde, wolankhula Chinyanja, atagwira zotsatira za makhololo. Namwinoyo anakoka mpando n'kukhala.

"Bambo, tandiuzani mmene mumamwera."

"Amandipatsa anayi. Awiri ine, awiri Manecas."

Inocência anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mwati chiyani? Kuseri kuja n'kumeneko?"

"Nayenso akutsokomola, koma akuopa kuti akabwera kuno ntchito imuthera. Ndiye ndizimwa ndekha iye akuona?"

Anayankhatu mosatekeseka, ngati akunena zogawana ndiwo. Inocência anayamba kuwerenga ndi zala. Miyezi yonseyi!

Benilde sanakalipe. "Mankhwala operewera sapha matendawa, bambo, amangowalimbitsa. Chifuwa chanu sichikumvanso mapiritsi awa. Tiyambiranso ndi ena aukali, ndipo atenga nthawi yaitali. Mnzanuyonso mwina zafika pomwepo."

"Ndiye kuti sindimamuthandiza?"

"Ayi. Mumaphana."

Custódio anayang'ana manja ake. Kenako anadzuka osatsazika, Inocência akumutsatira.

Panja, Manecas, amene anawaperekeza, anali pa benchi akutsokomola, chimanga chootcha chili m'manja. Ataona mnzake anachithyola pawiri n'kumutambasulira theka.

Custódio sanalandire. Anamugwira padzanja n'kuyamba kumukokera kuchitseko, misozi ili chuchuchu.

"Tiye, achimwene. Lero ukalandire ako."