Tsiku Limene a Justus Anakana Mkazi Wawo

Alamu anga a Justus ndi wojambula zithunzi kuno ku Zomba. Kale ankangokhala pafupi ndi msika, kamera ili pakhosi, kudikira anthu ofuna tizithunzi ta pachiphaso. Kamera imeneyo anawagulira ndi mng'ono wanga Mavis, mkazi wawo, ndi thukuta la nkhuni zomwe ife timasenza kuchokera kuphiri. Ndikunena dala kuti mudziwe.

Zinthu zinasintha pomwe azungu anayamba kubwera kudzachitira maukwati awo pamwamba pa phiri. Kaya kwawoko kulibe mapiri, kaya! A Justus anagula jekete ya pakaunjika, n'kuyamba Chingerezi cha m'mphuno. Moni wa anthu akwathu ku Zakazaka anasiya kuyankha. Matama okhaokha, munthu woti dzana lomweli ankabwereka sopo kwathu.

Loweruka lina mu Julaye, ine ndi Mavis tikutsika ndi mitolo yathu, tinawapeza pafupi ndi damu la Mulunguzi akujambula ukwati. Mkwatibwi anali mu diresi loyera mbee, akunjenjemera ndi chiperoni. Atationa anakuwa ngati waona njovu. Ati tikaime kumbuyo kwawo kuti chithunzi chioneke cha ku Africa kwenikweni.

Ndinayang'ana alamu anga. Mumtima ndinati apa anena kuti awa ndi akazi anga, alekeni apite, katunduyo ndi wolemera.

"Amayi inu," anatero a Justus, diso lili pakamera, "imani apo. Ndipo muvule nsapatozo, zikuononga chithunzi."

Amayi inu! Mkazi woti anawaberekera ana atatu!

Ine ndinaponya mtolo wanga pansi n'kukhala pamwala. Za ziii sindipanga nawo. Koma Mavis ndi wofatsa mopitirira muyeso. Anavula. Anaima pa udzu wozizirawo, nkhuni zili pamutu, khosi likugwedera. Azungu akupsompsonana, a Justus akugwada, kugona chafufumimba, kudzukanso, jekete ili matope okhaokha.

"Musamwetulire, mayi! Yang'anani kumbali!"

Mkwati anaona kuti mayiyo akumuyang'anitsitsa wojambulayo, ndiye anafunsa ngati akudziwana. Chingerezi changa n'cha Sitandade 6, koma yankho ndinalimva bwinobwino. A Justus anati ayi, ndi amayi akumudzi chabe, ali mbwee m'phirimu.

Mavis naye anamva. Sanalire. Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa mkwati ndi mkwatibwi, n'kutula mtolo wonse pamwamba pa nsapato zonyezimira za a Justus.

"Bambo a Rejoice," anatero osakweza mawu, "nkhunizi ndi zophikira ndiwo zanu zamadzulo. Mutsike nazo nokha."

Ndikanakonda mukanaona nkhope ija. Chingerezi chonse chinathawa, pakamwa pali yasa ngati nsomba ya pamsika. Azungu ankangofunsana kuti chachitika n'chiyani, koma womasulira panalibe.

Mavis anatola nsapato zake, tinatsika. Pamphambano sanakhotere kunyumba kwawo, anabwera kwathu, ana n'kumutsatira madzulo ake.

Tsopano yatha miyezi inayi. A Justus aonda, malaya akuchapa okha, ndipo atuma ankhoswe katatu konse. Dzulo ankhoswewo anakhala pakhonde pathu mpaka dzuwa kupendeka, kumuchonderera Mavis kuti banja ndi kupirira, anene tsiku lobwerera.

Iye anapitiriza kusenda chinangwa chake.

"Mukufuna ndikagone m'nyumba ya bambo osandidziwa? Ine si hule."