Chithunzi cha amama na kandeke ka ku Chalimbana

Muli bwanji nonse a m'banja.

Lero napeza chithunzi cha amama chimene takhala tikufuna choika pa mwala wa kumanda. Chinali pansi pa sutukesi ya malemu atate, mkati mwa buku la nyimbo.

Tsiku limene chinajambulidwa nalikumbuka bwino, m'ma 1950, nili kamtsikana. Kandeke kanatera pa famu ya mzungu kufupi na Chalimbana, ndipo atate anaitana wojambula kuti tijambulidwe nako. Tinavala za kutchalitchi, n'kuima mwaulemu, kandeke kali kumbuyo kwathu. Wojambula atangoti ajambule, injini inalira. Tonse tinatembenuka!

Ndiye pachithunzipo kandeke kanatuluka bwinobwino, koma ife nkhongo zokhazokha. Amama akungooneka duku na msana. Nkhope ni imodzi chabe, yako iwe Tisa, uli pachitenje kumsana kwao, wapotoloza khosi kuyang'ana wojambula.

Chithunzi china cha amama palibe, nafunsa konse. Ine nati tiike chomwechi, pakuti tonse asanu tinakulira pamsana womwewo. Imwe muti bwanji?