Nkhope ya a Tcheyamani ndi Mafuta a Mtedza

Kalata ya a tcheyamani ndikadali nayo, m'sutikesi momwe ndimasunga mapepala anga onse. Ili ndi mizere itatu yokha: "Mundijambule monga mudajambulira mzungu uja. Musachedwe. Ndi lamulo."

Kujambula ndi penti wamafuta adandiphunzitsa ndi wansembe wina wachizungu, ine ndili mphunzitsi ku Mkanda. Adandipatsa tsamba la m'buku lokhala ndi chithunzi chakalekale kuti nditengere: mzungu wamalonda wandevu, kolala yoyera, kumbuyo kwake mdima bii. "Aphunzitsi, yambani ndi mithunzi, mtundu wa dothi," adatero. "Kuwala kumabwera pomaliza." Ndinkapaka, n'kudikira sabata kuti ziume, n'kupakanso. Mafuta a m'kabotolo ka ansembe atatha, ndidasakaniza penti ndi mafuta a mtedza, poti kwathu mtedza sitisowa. Ansembe adaseka mpaka kutsokomola. Mafuta a mtedza sauma. Ndidapala zonse, iwo n'kundipatsa kabotolo kena. Ntchitoyo idanditengera miyezi isanu ndi iwiri.

Chithunzicho chitatha, a tcheyamani a chipani m'dera lathu adabwera panjinga ndi anthu awo. "Mzunguyu ali ndi khadi lachipani?" adafunsa. Adachichotsa pakhoma n'kupita nacho. Patapita sabata ndidachiona atatsekera nacho bowo la chigafa chawo cha fodya, mvula ikuchimenya. Kenako idabwera kalata ija.

Sindidakane, chifukwa masiku amenewo wokana sankagona kwawo. Adabwera Loweruka kanayi, atavala jekete, chibwano m'mwamba. Ndidawajambula bwino kuposa wamalonda uja, ndevu iliyonse pamalo pake. Koma kabotolo ka ansembe sindidakatsegule. Mafuta ndidakatenga kukhitchini kwa mayi a kunyumba.

"Chiuma liti, aphunzitsi?"

"Zithunzi za anthu akuluakulu zimachedwa, bwana."

Adachipachika pabalaza. Fumbi la Ogasiti lidakakamira pamphumi, kenako ntchentche, kenako nyerere. Dzuwa la Okutobala litafika, diso lamanzere lidatsetserekera patsaya, kolala idasanduka matope. Alendo ankayang'ana pansi poopa kuseka. A tcheyamani adandilemberanso, tsopano ndi mawu oti "chonde", kufunsa chochita. Ndidayankha kuti apirire, chiuma ndithu. Kope la yankholo ndidasunga, ndalimangirira kumodzi ndi makalata awo awiri.

Adamwalira chisanaume. Changa chija chidawolera pachigafa, ndipo mpaka lero sindidawakhululukire.