Mwala Wokwechera Mapazi

Linali Loweruka m'mawa, nyengo yokolola thonje, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Cuamba awiriwiri ndi amayi. Bambo anatsalira ku Ngauma nthawi ya nkhondo, ndipo sitinawaonenso. Amayi ankalera mwana wa mzungu wina wa kukampani ya thonje. Tsikulo anaiwala mpango woyera umene ankavala pantchito, ndiye ndinawathamangira nawo.

Mlonda anandilozera kuseri kwa nyumba. Ndinapeza amayi ataima pampopi wothirira maluwa, thovu la sopo lili mpaka m'zigongono. Mkazi wa mzunguyo, amene antchito onse ankamutchula senyora, anawayandikira n'kuwanunkhiza m'khosi ngati munthu wosankha nsomba pamsika. Analankhula Chipwitikizi, koma ndinamva, poti tinkachiphunzira kusukulu.

"Ukununkhabe. Bwereza, kenako ugwire mwana wanga."

"Inde, senyora," anatero amayi. Potembenuka anandiona. Analandira mpango uja.

Madzulo ake anandiitanira kubafa. Ndinali nditazolowera kusamba ndekha, koma tsikulo anatenga mwala wawo wokwechera mapazi nayamba kundikwecha m'khosi, m'khwapa ndi kumsana. Ndinalira.

"Khala phee, Tomasi. Ufuna anthu azikuseka?"

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Dzuwa likangopendeka, chakudya sichinkalowa. Khungu linasupuka, panatuluka tizilonda. Kusukulu ndinasamukira kumapeto kwa benchi, mikono nditaipanikiza m'nthiti, ndipo ngakhale yankho ndikulidziwa sindinkakweza dzanja. Patapita nthawi ndinayamba kudzikwecha ndekha amayi asanabwere.

Zilonda zitachita mafinya, amayi anapempha tsiku kuntchito n'kupita nane kuchipatala. Namwino anali bambo wachikulire wa ku Mandimba, wokonda nthabwala. Anandiyeza malungo, sanawapeze. Kenako anandikweza mkono.

"Izi si mphere ayi. Iwe, ukudzisenda ngati chinangwa bwanji?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ndimanunkha."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Amayi amanunkha, ndiye inenso."

Pakhomo panali mzere wa odwala, ndipo onse anamva. Wina anaseka pang'ono n'kusiya. Amayi anaweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya nsalu yawo. Namwino uja nthabwala zinamuthera. Anatipatsa mankhwala opaka, nalankhula motsitsa mawu.

"Mayi, mwanayu madzi ndi dzanja basi. Inunso manja anuwo muzipakako."

Apo m'pamene ndinawaonetsetsa manja a amayi. Anali ong'aluka kuposa khungu langa.

Madzulo anandisambitsa ndi dzanja, pang'onopang'ono, akulambalala zilonda. Atamaliza anati, "Tamvera, Tomasi. Iwe sununkha." Ndinadikira kuti anenenso za iwo eni, koma sananene.

Amayi anamwalira ndili kale ndi ana anga, ndipo mawu amene ndinalankhula kuchipatala aja sitinawakambepo. Ndikawakumbukira ndimachitabe manyazi, ngakhale ndikudziwa kuti ndinangobwereza zimene ndinamva. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti chipongwe chimene kholo lameza kuntchito sichitsala pageti. Limafika nacho kunyumba, ndipo mwana amadwala nacho osadziwa dzina la matendawo. Amayi sankandikwecha chifukwa chodana nane. Ankafuna kuti pasadzapezeke munthu wondinunkhiza m'khosi. Ntchitoyo sanaisiye, poti tikanadya chiyani?

M'mawa mwake ndinadzuka iwo asanadzuke, ndinatenga mwala uja n'kukauponya m'chimbudzi. Ndinawamva akuufunafuna kubafa, chifukwa ankadzikwecha nawo asanapite kuntchito. Atatuluka anandiyang'ana nthawi yaitali. Anamanga mpango wawo woyera, napita.