Kusinthana pa Dzira

Ndinaganiza zochoka mwana wanga Chisomo ali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya ku Lilongwe m'manja mwa mng'ono wanga Tadala, n'kulonjeza kuti ndikangokhazikika ndidzamutenga.

Ntchito ndinaipeza ku UK, m'dera la Erdington, kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kunali a Norman, omwe paunyamata wawo ankaveka mbalame mphete m'miyendo pakachilumba kozizira, kum'mwera kwenikweni kwa nyanja yamchere. Pakhoma pawo panali chithunzi cha chimbalame chotchedwa albatross. Ukachifanizira ndi mbalame zoyera zolanda anthu tchipisi m'matauni a kumeneko, ankalusa. Ankati ili m'banja lina, la mbalame zokhala ndi mphuno ngati timapaipi pamlomo. Imaikira dzira limodzi lokha, ina mpaka kudumpha chaka. Kholo limodzi likamafungatira, linalo limakhala kutali panyanja kusaka chakudya.

"Ndiye ndine ameneyo," ndinatero tsiku lina ndikuwamwetsa tiyi. "Ndili kunyanja."

"Komatu zimasinthana," anatero a Norman. "Nanga iwe ukakhala liti pa dzira?"

Ndinawapukuta pakamwa mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Nsanje inkandidya, sindibisa. Diresi nditumize ine, pachithunzi amwetulire Tadala. Dzino loyamba anamuzula ndi Tadala, tsitsi ankamuluka ndi Tadala. Kutchalitchi ku Aston anzanga ankadandaula kuti, "Ana a kunowa ma manners alibe, ukawakalipira amayankha pa Chizungu." Ine ndinkasirira ngakhale mwano umenewo.

Ndinabwerera Chisomo ali mu Sitandade 6, masutikesi anga ali tho! Anagwada bwinobwino, n'kundipatsa moni ndi manja awiri: "Takulandirani, amayi a ku UK." Ulemu wonsewo anamuphunzitsa ndi Tadala, ndipo unandiwawa kuposa chipongwe. Ndinafufuza paliponse poti ndimupezere chifukwa mng'ono wangayo, m'zikhadabo za mwana, m'makope, ngakhale kuseri kwa makutu. Sindinapeze kanthu.

Loweruka lake ine ndi Tadala tili pakhonde, geti linamupana chala Chisomo. Anakuwa kuti, "Amayi!" Tinadzambatuka tonse awiri, ine patsogolo, manja nditatambasula kale. Anandilambalala mwaulemu, n'kukabisa nkhope pachifuwa pa Tadala.

Tadala anandiyang'ana mwamanyazi. "Achemwali, bweretsaniko madzi ozizira."

Ndinapita kukatunga.