Maungu a Apongozi Analibe Mlandu

Masipuling'i a motoka yanga ndinadula ndekha ndi gilayinda, kuseri kwa nyumba yathu ku Chongwe. Ndinkafuna itsike, mimba pafupi ndi tala, kuti anyamata a pa siteshoni azicheuka ndikamadutsa. Ndipo amacheukadi.

Mkazi wanga anandichenjeza. "Atate a Tiza, kwa amama ku Kanakantapa kulibe tala." Ine ndinangoseka.

Tsiku lomwe tinapitako, tinafika bwino, mokwawa ngati fulu. Pobwerera, apongozi anatiikira maungu m'buti. Tisanatuluke n'komwe pabwalo, ndinamva kuti gwa! Sampu, chosungira oilo pansi pa injini, inali itamenya mwala, oilo wakuda akuyenderera mumchenga.

Apongozi anabwera akuthamanga, n'kugwada chapatali. "Atate, chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana mwala, ndinayang'ana mkazi wanga, kenako ndinati, "Ni katundu, amama. Walemetsa motoka."

Maungu oti mwana anganyamule m'dengu! Mayi wachikulire uja anayamba kuwatsitsa limodzilimodzi, akupepesa. "Sin'nadziwe, atate, nikhululukireni." Ine ndinangoima, manja kumbuyo, ngati munthu wolakwiridwa. Motoka inakokedwa ndi ng'ombe mpaka kumsewu.

Bodzalo limandiwawa, ndavomera. Koma onse amene akuti ndikweze motoka akakweze zawo. Yanga ikhala yotsika, sampu ndinawotcherera ndekha, ndipo mwala uja ndinakauzula.

Chimene ndalephera kukonza ndi apongozi. Masiku ano amatipatsa kamtolo ka chibwabwa, masamba a maungu, basi, ndipo asanakaike m'buti amayamba afunsa, "Aka sikalemera, atate?"