Kwathu Anandiyesa Namapopa

Ndinaganiza zochoka ku Benga nditaona kuti digiri yanga ya zamakompyuta ikungothera pothirira anthu nyimbo m'mafoni. Labotale ina ya ku Durban inkafuna wolemba mapulogalamu, ndipo inanditenga. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Twaibu, pita mwanawe, koma mapemphero a swala usasiye."

Ntchito yake inali yotere. Madokotala ankatenga magazi a odwala chifuwa chachikulu, makina n'kuwerenga RNA ya m'magazimo, timauthenga timene timauza thupi zoti lipange. Makinawo ankalavula zilembo zosawerengeka zopanda mutu. Pulogalamu yanga ndiyo inkazisanthula n'kulemba kuti kachigawo aka kayambira apa, kathera apo, ndipo kamadzuka thupi likamalimbana ndi matenda. Magaziwo sindinawagwirepo n'kamodzi komwe. Koma pa foni, pofuna kudula nkhani, ndinkangowauza amayi kuti ndili pa ntchito ya magazi. Iwo ponyadira ankauza anzawo kumsika.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, mpaka nyumba yathu inafoleredwa ndi malata. Ineyo ndinkakhala ndekhandekha m'kachipinda ka lendi. Wocheza naye m'Chichewa anali mmodzi yekha, Rajabu, telala wa ku Dwangwa. Tsiku lina masana chigulu cha anthu chinalowa mumsewu wathu ndi zikwanje, chikukuwa kuti obwera achoke. Rajabu anamukokera kunja kwa shopu yake. Ndinaonera pawindo akumuphwanya mutu ndi njerwa mpaka anasiya kuphupha. Sabata yomweyo ndinakwera basi yobwerera kwathu. Abwana anandilola kuti ntchitoyo ndizigwirira kumudzi pa intaneti.

Ku Benga netiweki imagwira bwino cha kumsewu, choncho ndinkakhala ndi laputopu yanga pansi pa mtengo wa mango, aliyense akundiona. Kenaka kunabuka mphekesera ya anamapopa, akuti anthu opopa anzawo magazi. Lachisanu lina ndikuchokera ku mzikiti, chikwama chili kumsana, ndinamva wina akukuwa, "Ndi ameneyu! Mayi ake ananena okha kuti amagwira za magazi ku Joni!" Mwala woyamba unandipeza pakamwa, mano awiri n'kuguluka. Anandigwetsa, kundiponda m'nthiti, wina n'kuswa laputopu ndi mpini wa khasu kuti aone ngati muli magazi. Kenaka ndinamva fungo la petulo.

Amayi anatulukira akuthamanga, mpango utagwa kumutu, n'kudzigwetsa pamwamba panga. "Mutiotchere limodzi! Iwe Saidi, si iwe unkadyera naye mbale imodzi pochokera ku madarasa?" Saidi, mnzanga wa paubwana, ndi amene ananyamula botolo la petulolo. Anazyolika, n'kuliika pansi. Enawo anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, apolisi n'kufika ine ndili thapsa m'fumbi.

Lero ndikadali ku Benga. Ntchito ndi yomweyo, pa laputopu ina, koma ndimagwira nditakhoma chitseko. Amayi anasiya kundinyadira pagulu. Wina akafunsa amangoti ndine kalaliki. Ku Durban ofuna kutipha sankatidziwa ndi mayina omwe. Kuno aliyense amene anandiponda amadziwa dzina langa, la malemu bambo anga, ngakhale la agogo. Ndimakumana nawo kumsika, kumaliro, ku mzikiti timaima phewa ndi phewa. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Ine ndimayankha kuti ndaswera bwino, maso anga ali pa manja awo.